Kodi ndi Adruidi ati amene amadikira dzuwa ku Stonehenge?

Mwezi wa Juni ukafika pa 20 kapena 21, zithunzi zimayamba kuyenda pa Facebook ndi pa wailesi zakanema: chinamtindi cha anthu chitadzaza pakati pa miyala italiitali ya ku Stonehenge, kummwera kwa England, ena atavala mikanjo yoyera, ena nkhata za maluwa kumutu, onse maso ali kummawa. Mawu a m'munsi mwa chithunzi amakhala amodzimodzi chaka ndi chaka, akuti awa ndi Adruidi ndipo akuchita mwambo umene makolo awo ankachita pamalo omwewo zaka zikwizikwi zapitazo. Ine ndimaphunzitsa mbiri ya zipembedzo, ndiye sipalephera wophunzira wobwera ndi chithunzi chotere pa foni n'kundifunsa ngati zili zoona. Ndimamuuza kuti ayambe wakhala pansi, chifukwa m'chithunzi chimodzicho muli zinthu zitatu zamisinkhu yosiyana kwambiri: miyala, dzina lakuti Druid (la ansembe akale a ku Britain ndi France), ndi mwambo wa mikanjo yoyera. Zinamangidwa mtolo umodzi posachedwapa, ndipo munthu ukamasula mtolowo umapeza nkhani yokoma kuposa ya m'munsi mwa chithunzi ija.

Tiyambe ndi dzuwa, poti ndilo lamkulu pa zonsezi. Dziko lathu pozungulira dzuwa silikhala chilili, limakhala lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4. Chifukwa cha kupendekekako, theka la chaka mbali ya kumpoto ndi imene imaweramira kudzuwa, theka linalo n'kukhala mbali ya kummwera. Pa 20 kapena 21 Juni kumpoto kumakhala kutaweramira mpaka pamapeto. Munthu amene amayang'ana pamene dzuwa latulukira m'mawa uliwonse amaona kuti kuchokera mu Disembala lakhala likusendera kumpoto pang'onopang'ono, kenaka kwa masiku angapo limatulukira pamalo amodzi ngati laima, lisanayambe ulendo wobwerera. Aroma ankati solstitium, kutanthauza kuima kwa dzuwa, ndipo mawu a Chingerezi akuti solstice anachokera pamenepo.

Kwathu kuno kusiyanaku sitikumva m'thupi. Ku Lilongwe usana wa mu Juni umakhala maola 11 ndi mphindi pang'ono, wa mu Disembala pafupifupi maola 13, ndipo chimene chimalamulira chaka chathu ndi mvula. Ku Stonehenge ndi nkhani ina. Pa 21 Juni dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko m'mawa n'kukalowa itadutsa 9 koloko usiku, usana wa maola 16 ndi theka, pamene mu Disembala usana sukwana n'komwe maola 8. Abale athu amene anapita ku Britain amasimba mmene anadabwira chaka choyamba, kugoneka ana kunja kukuwalabe. Mlimi wakale wa kumeneko, amene moyo wake unali pa msipu wa ziweto ndi kucha kwa tirigu, ankayenera kudziwa tsiku limene kuwala kwafika pachimake ndi tsiku limene mdima wayamba kugonja.

Amene anamanga Stonehenge ankalidziwa bwino tsikulo, ndipo umboni wake ndi miyala yeniyeniyo. Ntchito inayamba cha m'ma 3000 BC, pamene anakumba ngalande yozungulira pogwiritsa ntchito nyanga za agwape. Miyala ikuluikulu imene timaiona pazithunzi inaimikidwa cha m'ma 2500 BC. Umodzi umalemera matani pafupifupi 25, ndipo yambiri anakaitenga ku West Woods, makilomita pafupifupi 25 chakumpoto. Miyala ing'onoing'ono inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda wopitirira makilomita 200, ndipo mu 2024 kafukufuku anasonyeza kuti mwala wogona pakati, wotchedwa Altar Stone, unachokera kumpoto chakummawa kwa Scotland, makilomita pafupifupi 700. Anthu opanda chitsulo, opanda zolemba, anachita zimenezi. Ndipo miyalayo sanangoimika chiimikeimike. Ukaima pakati n'kuyang'ana kumpoto chakummawa, kumene kuli mwala woima paokha wotchedwa Heel Stone, dzuwa la pa 21 Juni limatulukira pambali pa mwalawo. Ukatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo pa mzere womwewo, uko n'kumene dzuwa la pa 21 Disembala limakalowera.

Mzere umodzi, mbali ziwiri. Akatswiri ambiri ofukula zakale masiku ano amaona kuti mbali ya mu Disembala ndi imene inali yaikulu kwa omangawo. Ku Durrington Walls, makilomita atatu okha kuchokera pamiyalapo, anafukula mudzi wa nthawi yomweyo wodzaza mafupa a nkhumba, ndipo mano ake amasonyeza kuti zambiri zinaphedwa zili ndi miyezi pafupifupi 9. Nkhumba zobadwa chisanu chitangotha zimafika msinkhu umenewo pakati pa chisanu chotsatira. Ndiye kuti phwando lalikulu linkachitika mumdima wa Disembala, nthawi imene anthu amafunitsitsa kuona dzuwa likubwerera.

Nanga Adruidi akubwera pati? Akubwera mochedwa kwambiri. Adruidi anali ansembe, oweruza milandu ndi aphunzitsi a mitundu ya anthu otchedwa a Celt, amene ankakhala ku Gaul, komwe lero ndi France, komanso ku Britain ndi ku Ireland. Nkhani yawo yomveka bwino yoyamba inalembedwa ndi Julius Caesar, mtsogoleri wa asilikali achiroma amene anathira nkhondo dziko la Gaul kuyambira mu 58 mpaka 50 BC. Tawerengani zakazo. Kuchokera pamene miyala ikuluikulu inaimikidwa kufika pa Caesar panadutsa zaka zoposa 2,400, pamene kuchokera pa Caesar kufika kwa ife sizinakwane 2,100. Adruidi amene Caesar anawaona ali pafupi ndi ife kuposa mmene analili ndi omanga Stonehenge. Pa nthawi yawo malowo anali kale bwinja lakalekale, ndipo zinthu za m'nyengo yawo zimene zafukulidwa pamalopo n'zochepa zedi.

Caesar anati Adruidi ankaweruza milandu ya kupha, ya chuma cha masiye ndi ya malire a minda, ndipo chilango chawo chowawa kwambiri chinali kuletsa munthu kufika pa nsembe, zimene zinkachititsa kuti aliyense azimupewa. Sankapita kunkhondo, sankakhoma msonkho. Ankakumana kamodzi pachaka m'dera la mtundu wa Carnutes, pakati pa Gaul. Ankaphunzitsa kuti mzimu sufa koma umapita m'thupi lina, ndipo ankakambirana zambiri za nyenyezi ndi kayendedwe kake. Wophunzira wawo ankaloweza ndakatulo zochuluka, ena mpaka zaka 20, chifukwa chiphunzitso chawo sankalola kuchilemba, ngakhale kuti pa nkhani zina ankagwiritsa ntchito zilembo za Chigiriki. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Palibe pemphero, nyimbo kapena chiphunzitso cholembedwa ndi Mdruidi wakale chimene chinatifika. Zimene tili nazo zinalembedwa ndi alendo, ambiri a iwo ochokera ku mtundu umene unkawagonjetsa. Ife amene miyambo ya makolo athu inayamba kulembedwa ndi amishonale ndi mabwanamkubwa achitsamunda tikudziwa mmene nkhani imapindikira ikamasimbidwa ndi munthu wobwera kudzaithetsa.

N'chifukwa chake nkhani ya nsembe za anthu ndimaigwira mosamala. Caesar analemba kuti ankawotcha anthu m'zifanizo zazikulu zolukidwa ndi nthambi, ndipo Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, anasimba mmene asilikali achiroma otsogozedwa ndi Suetonius Paulinus anawolokera ku chilumba cha Mona, chimene lero ndi Anglesey ku Wales, m'chaka cha 60 kapena 61 AD, n'kupeza Adruidi atakweza manja kumwamba akutemberera, kenaka n'kugwetsa nkhalango zawo zopatulika. Mitembo yofukulidwa m'madambo a kumpoto kwa Ulaya imasonyeza kuti kupha anthu mwamwambo kunalipo, choncho sindingawayeretse Adruidi ngati anali anthu a maluwa okhaokha. Komanso Aroma anali ndi chifukwa chokokomezera.

Mwambo umodzi wokha wa Adruidi ndi umene unafotokozedwa mwatsatanetsatane, ndipo wofotokoza wake ndi Mroma wina wolemba mabuku, Pliny wamkulu, cha m'ma 77 AD. Pali kachomera kotchedwa mistletoe, kamene kamamera panthambi za mitengo ina n'kumayamwa madzi ake. Si kawirikawiri kumera pa mtengo wa thundu, ndiye kakapezeka pa thundu Adruidi ankati n'chizindikiro chochokera kumwamba. Ankakonza phwando pansi pa mtengowo, n'kubweretsa ng'ombe ziwiri zamphongo zoyera. Wansembe wovala zoyera ankakwera mumtengo, n'kudula kachomerako ndi chikwakwa chagolide, anzake n'kukawakha pa nsalu yoyera. Akatero ankapha ng'ombe zija n'kupemphera. Mikanjo yoyera yonse imene mumaiona pazithunzi za ku Stonehenge inachokera m'ndime imeneyi. Koma taonani tsiku limene Pliny anatchula: tsiku lachisanu ndi chimodzi mwezi utaoneka. Mwezi, osati dzuwa. Malo ake ndi pansi pa mtengo, osati pakati pa miyala.

Umboni wina ukuloza komweko. Mu 1897, ku Coligny kufupi ndi Lyon, anafukula zidutswa za kalendala yamkuwa yolembedwa m'chinenero cha ku Gaul. Imawerenga miyezi motsata mwezi wakumwamba, miyezi 62 pa zaka zisanu, n'kumaikapo mwezi wowonjezera kuti isasiyane ndi chaka cha dzuwa. Ku Ireland, kumene Aroma sanalamulireko, amonke achikhristu analemba kuti chaka chinkagawidwa ndi zikondwerero zinayi: Samhain kumayambiriro kwa Novembala, Imbolc mu Febuluwale, Bealtaine pa 1 Meyi ndi Lughnasadh mu Ogasiti. Izi ndi nyengo za abusa ndi alimi, nthawi yotulutsa ziweto kumsipu, yokolola ndi yozibweza kukhola. Buku lina la ku Ireland la cha m'ma 900 limati pa Bealtaine Adruidi ankasonkha moto pawiri n'kudutsitsa ng'ombe pakati kuti zisagwidwe ndi matenda. Pa zinayizi palibe chimene chimagwera pa kuima kwa dzuwa. Anthu odziwa nyenyezi ngati amenewa tsikulo ankalidziwa ndithu, koma palibe wolemba wakale ngakhale mmodzi amene anafotokoza Adruidi akuchita mwambo pa 21 Juni.

Sindikunena kuti ku Ulaya kunalibe chikondwerero cha pakati pa nyengo yotentha. Chinalipo, ndipo chinali chachikulu, koma timachipeza chitavala dzina la Yohane M'batizi, amene mpingo unaika tsiku la kubadwa kwake pa 24 Juni. Usiku wa pa 23 anthu ankasonkha moto pamapiri ndi m'misewu, kudumpha malawi, kufukiza minda ndi ziweto ndi utsi wake, kuthyola zitsamba zimene ankati usiku umenewo zimakhala ndi mphamvu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, wansembe wina wa ku Shropshire dzina lake John Mirk analemba kuti moto wake unali wamitundu itatu: wa mafupa okhaokha, wa nkhuni zokhazokha, ndi wosakaniza ziwirizi. Ronald Hutton, katswiri wa mbiri ku yunivesite ya Bristol amene wafufuza kwambiri miyambo imeneyi, amaona kuti moto wa pakati pa chaka uyenera kuti unayamba Chikhristu chisanafike, poti umapezeka pafupifupi ku Ulaya konse. Mpaka lero ku Sweden ndi ku Latvia ndi tsiku lalikulu. Koma unali moto wa anthu wamba a mitundu yosiyanasiyana, osati chuma cha Adruidi okha.

Amene anakwatitsa Adruidi ndi Stonehenge timawadziwa mayina. Woyamba ndi John Aubrey, m'zaka za m'ma 1600, amene anaganiza bwino kuti miyalayo ndi yakale kuposa Aroma, ndipo poti ansembe okhawo a nthawi isanafike ya Aroma amene ankawadziwa anali Adruidi, anawapatsa iwowo. Wachiwiri ndi William Stukeley, dokotala amene pambuyo pake anakhala m'busa wa mpingo wa Anglican. Iyeyu anayeza malowo mosamala, ndipo ndi amene anayamba kulemba kuti akuloza kumene dzuwa limatulukira masiku akatalika kwambiri. Mu 1740 anatulutsa buku lonena kuti Stonehenge anali kachisi wa Adruidi. Sindimuimba mlandu. Pa nthawi yake kunalibe njira yoyezera zaka za fupa kapena khala, ndipo zimene anayeza ndi maso ndi chingwe zikadali zothandiza. Kungoti ganizo lake linalowa m'mitu ya anthu n'kukhazikika, moti zaka pafupifupi 300 za kafukufuku sizinalizule.

Wachitatu ndi amene ndimamukonda kumufotokoza, chifukwa pa iye bodza ndi mphatso zinakhalira limodzi. Edward Williams anali mmisiri wosema miyala wa ku Glamorgan ku Wales, wolemba ndakatulo waluso, amene anadzitcha Iolo Morganwg. Ankamva kuwawa poona chinenero ndi chikhalidwe cha kwawo zikunyozedwa ndi Angerezi. Pa 21 Juni 1792, pa kaphiri ka Primrose Hill mu London, anayala timiyala mozungulira n'kuchititsa msonkhano wa alakatuli umene anautcha Gorsedd, akunena kuti mwambowu unachokera kwa Adruidi osaduka. Anaonetsa zolemba zimene ankati anazikopera m'mabuku akale, koma m'zaka za m'ma 1920 katswiri wina wa ku Wales, Griffith John Williams, anasonyeza kuti zambiri anazipeka yekha. Dzina lakuti Alban Hefin, limene Adruidi a masiku ano amatchulira tsiku la pa 21 Juni, linachokera m'zolemba zakezo.

Komatu mwambo wa Iolo unakula n'kukhala chinthu chenicheni. Kuyambira mu 1819 unalumikizidwa ndi Eisteddfod, mpikisano wa ndakatulo ndi nyimbo za Chiwelshi, ndipo ukuchitikabe chaka chilichonse. Mkulu wa mwambo amasolola lupanga pang'ono m'chimake, osalitulutsa lonse, n'kufunsa khamu m'Chiwelshi kuti kodi pali mtendere. Khamu limayankha kuti mtendere. Amafunsa katatu, lupanga n'kubwezedwa. Gorsedd ya ku Wales si chipembedzo, ndi ulemu woperekedwa kwa otumikira chinenero ndi dziko, ndipo mu 2002 inalandira Rowan Williams, amene anali atasankhidwa kukhala Arkibishopu wa Canterbury. Ku England nakonso kunali gulu la abambo lothandizana lotchedwa Ancient Order of Druids, limene linayamba ku London mu 1781. Mu 1905 linachitira mwambo waukulu ku Stonehenge, ndipo mu 1908 linalandira Winston Churchill. Ambiri a iwo anali Akhristu opita kutchalitchi Lamulungu lililonse. Adruidi oyamba kutenga nkhaniyi ngati chipembedzo n'kumadikira dzuwa la mu Juni pamiyalapo anali a gulu la George Watson MacGregor Reid, cha m'ma 1912.

Pano ndifotokozeko mawu akuti pagan, chifukwa m'Chichewa timawamasulira kuti chikunja, ndipo khutu lathu likamva chikunja limamva chitonzo. M'Chilatini paganus anali munthu wa kumudzi, ndipo Akhristu oyambirira anayamba kutchula choncho anthu osatembenuka. Amene amadzitcha dzinali masiku ano analitola dala. Ndi anthu amene amaona chilengedwe ngati chopatulika, ena amalambira milungu yambiri, ena mulungu wamkazi ndi wamwamuna, ena salambira mulungu aliyense koma amalemekeza dziko, makolo ndi nyengo. Pa kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti chipembedzo chawo ndi chimenechi, ndipo mu 2010 bungwe la boma loona za mabungwe achifundo linavomereza The Druid Network ngati bungwe la chipembedzo. Gulu lina lalikulu pakati pa achikunja a masiku ano ndi la Wicca, limene Gerald Gardner analibweretsa poyera m'zaka za m'ma 1950. A Wicca amadzitcha ndi mawu amene ife timawamasulira kuti mfiti, koma musaganize za ufiti umene timauopa kwathu, wolodza ndi kudya anthu. Lamulo lawo lodziwika kwambiri ndi lakuti usapweteke wina aliyense.

Gardner anali bwenzi la Ross Nichols, amene mu 1964 anayambitsa gulu la Order of Bards, Ovates and Druids. M'magulu a anthu awiriwa ndi mmene munabadwira kalendala imene achikunja ambiri amatsata lero: anatenga zikondwerero zinayi za ku Ireland zija, n'kuphatikiza masiku awiri a kuima kwa dzuwa ndi awiri amene usana umafanana ndi usiku, n'kukhala zisanu ndi zitatu. Palibe mtundu wakale umene unkasunga zonse zisanu ndi zitatu pamodzi. Dzina lakuti Litha, limene mudzalione kwambiri pa intaneti, linaikidwa pa chikondwerero cha mu Juni mu 1974 ndi munthu wa ku America, Aidan Kelly. Analitenga kwa mmonke Bede, amene mu 725 analemba kuti Angerezi akale ankatchula choncho miyezi ya Juni ndi Julayi. Ndi mawu a Chingerezi chakale, si a Adruidi, ndipo Bede ankanena za miyezi, osati mwambo.

Ufulu woima pakati pa miyalayo usiku umenewu sunabwere ndi ulemu. Kuyambira mu 1974 achinyamata ankachita chikondwerero chaulere cha nyimbo pafupi ndi Stonehenge mwezi wa Juni, ndipo chinakula mpaka akuluakulu osamalira malowo anachiletsa. Pa 1 Juni 1985 apolisi anatchinga mdipiti wa magalimoto a anthu amene ankapita kumeneko, n'kuwathira m'munda wina, kuswa magalimoto amene anali nyumba za mabanja ndi ana, ndipo anthu opitirira 500 anamangidwa. Tsikulo limakumbukiridwa ndi dzina lakuti Battle of the Beanfield. Kwa zaka pafupifupi 15 malowo ankatsekedwa pa nthawi ya kuima kwa dzuwa, ndipo Adruidi ena, monga Arthur Pendragon, anamangidwa kangapo poyesa kulowa. Pambuyo pa milandu ndi zokambirana, bungwe losamalira malowo la English Heritage linatsegulanso m'chaka cha 2000. Masiku ambiri mlendo wamba amalipira n'kuyenda kunja kwa chingwe, koma usiku umenewu kulowa n'kwaulere ndipo munthu amafika pamwala penipeni. Mu 2014 kunafika anthu pafupifupi 36,000.

Ndinakhalako usiku umodzi wotere pamene ndinali ku England pa maphunziro. Ndinakwera basi ku Salisbury, n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda ya udzu kunja kukadali mbee ngakhale inali itadutsa 9 koloko. Chimene zithunzi sizionetsa ndi kuzizira. Pofika 2 koloko mame anali atanyowetsa nsapato, anthu atafunda mabulangeti, ng'oma zikulira pakati pa miyala osalekeza. Ndinaika dzanja pa mwala umodzi waukulu. Ndi wokhakhala, wodzaza ndere zotuwa ndi zachikasu, ndipo ukakweza maso umaona mwala wina utagona pamwamba pa iwiri, utalumikizidwa ngati mmene kalipentala amalumikizira matabwa. Chapatali magetsi a malole ankadutsa pamsewu wa A303. Ovala mikanjo anali ochepa kwambiri. Ambiri anali anthu wamba: mabanja ndi ana, ophunzira, alendo ochokera kumayiko ena, okalamba atakhala pa timipando topinda.

Chakum'bandakucha kagulu kena kanaima mozungulira. Mtsogoleri wawo anatembenukira kumbali zinayi za dziko, mbali iliyonse akupempha kuti kukhale mtendere, kenaka onse pamodzi anakoka mawu akuti awen, mawu a Chiwelshi onena za mphamvu imene imadzoza mlakatuli, motalika ngati kung'ung'udza. Ndinazindikira pomwepo kuti ndikumva mwana wa mwambo wa Iolo, wa pa Primrose Hill paja. Timbalame ta m'udzu tinayamba kuimba kusanayere. Kenaka ng'oma zinachepa, mafoni anakwera m'mwamba, ndipo kachidutswa kofiira kanatulukira pambali pa Heel Stone. Anthu anakuwa, ena anakumbatirana, mayi wina pafupi nane ankangogwetsa misozi osanena kanthu. Ine Mkhristu wobatizidwa, wodziwa tsiku ndi chaka chimene mwambo uliwonse pamenepo unapekedwa, thupi linachita tsemwe. Anthu anakoka miyala yolemera chonchi zaka 4,500 zapitazo kuti iloze malo amenewa, ndipo ikulozabe.

Adruidi amene ndinacheza nawo usiku umenewo sanayese kundinamiza. Ankadziwa za Stukeley ndi Iolo kuposa ophunzira anga ambiri, ndipo ankavomera poyera kuti chipembedzo chawo n'chatsopano, chomangidwa ndi zidutswa za nthano za ku Wales ndi Ireland, zolemba za Aroma ndi zimene iwo eni amamva akakhala m'nkhalango. Magulu awo akuluakulu amanena zomwezo. Bodza lakuti mwambowu sunadukepo kuyambira kalekale limafalitsidwa kwambiri ndi olemba mitu ya nkhani ndi ogulitsa zinthu, ndipo ndi limene ndimalimbana nalo, chifukwa limalanda ulemu magulu awiri a anthu. Limalanda omanga miyala, amene ntchito yawo imapatsidwa kwa anthu obwera zaka zikwi ziwiri pambuyo pawo. Limalandanso Adruidi a lero, chifukwa limapangitsa anthu kuganiza kuti pemphero lawo likhala laphindu pokhapokha likakhala lakalekale. Mwambo umene watha zaka zoposa 200, umene anthu amalowetsera ana, kumangitsira maukwati ndi kuperekezera maliro, ndimauphunzira mwaulemu ngati chipembedzo china chilichonse, ndipo ndimautchula zaka zake zenizeni.

Achikunja a ku South Africa ndi ku Australia anakumana ndi funso limene a ku England sanaliganizire, loti kodi atsate tsiku la pa kalendala kapena dzuwa la pamutu pawo. Ambiri anasankha dzuwa: chikondwerero cha usana wautali amachita mu Disembala, ndipo pa 21 Juni amakumbukira usiku wautali. Ifenso tili mbali yomweyo. Pamene khamu likukuwa ku Stonehenge, ku Dedza anthu amakhala akuwotha moto, chifukwa kwa ife limenelo ndi tsiku lalifupi kwambiri pachaka.

Ophunzira anga ndimawapatsa ntchito imene inunso mungaichite. Sankhani malo amodzi pakhomo panu pamene mumaona bwino kummawa, muikepo mwala kuti muziima pomwepo nthawi zonse. Kamodzi pa sabata, dzuwa likamatuluka, lembani chimene latulukira kumbuyo kwake, kaya ndi mtengo wa mango, denga la aneba kapena nsonga ya phiri. Mu Epulo ndi Meyi mudzaliona likusendera kumanzere. Pofika pakati pa Juni lidzachepetsa liwiro, ndipo kwa masiku angapo lidzatulukira pamalo amodzimodzi. Kumayambiriro kwa Julayi mudzaona kuti layamba kubwerera kumanja, ndipo lidzapitirira choncho mpaka mu Disembala, chimanga chili m'mawondo.